Nyumba ya Amayi M'filimu

Okondedwa achemwali a Ishbel,

Ndikhulupirira muli bwino ku Canada kuko. Kuno ku Greenock mvula yake ndi yomwe ija.

Mukuwakumbuka anyamata a filimu amene ndinawabwereka nyumba ya malemu amayi? Ankati ndi yoseketsa chabe, ine n'kumawaphikira supu poona kuti ndi amphawi. Loweruka tinapita kukaionera, ine, alamu anu a Murdo ndi amayi anayi akumpingo. Achemwali, nyumba ija anaisandutsa ya mahule! Amuna akuvula mabuluku pampando umene amayi ankawerengerapo Baibulo, chithunzi chawo chili pakhoma pomwepo, anthu akuseka mpaka misozi.

Potuluka, anyamatawo anatisonyeza mayi amene ankawalangiza, woti ntchito ya uhuleyo anaigwiradi kudoko zaka makumi awiri. Ine sanandiyang'ane n'komwe. Mayiyo anawamwetulira alamu anuwo nati, "Iwe Murdo, bondo lija linapola?"

Bondolo, achemwali, anavulala tili kale pabanja.

A Murdo akupereka moni. Masiku ano akugona pampando womwe uja.

Ndine mng'ono wanu,
Rhona