Akangaude ndi Mbewu ya Amayi

Okondedwa achimwene,

Muli bwanji ku Joniko? Kuno ku Ligowe tili bwino, kungoti bambo akudandaulabe mwendo uja.

Ndikulemba ndi manyazi. Nyumba yanu munandisiyira ija sindinaitsegule dzinja lonse. Nditalowa Loweruka, ndinapeza akangaude atamanga ukonde kudenga konse, ena akuda akuluakulu. Bambo anati, "Tenga tsache lalitali, usasewere ndi moto pansi pa udzu." Koma ine ndinkaopa kuti akangaudewo andigwera kumaso, ndiye ndinayatsa muuni kuti ndiwawaule.

Moto unagwira udzu, koma denga lapulumuka, ndinauzimitsa ndi chitenje chija anatigawira pa kampeni. Koma chimanga chamakolo cha malemu amayi, chija munapachika kudenga kuti mudzadzale mukabwera, chapserera chonse. Ndafunsa mpaka ku Lisungwi, palibe amene ali ndi mtundu umenewo.

Bambo sanandikalipire. Anangotola chitsononkho chimodzi chakupsa n'kulowa nacho m'nyumba mwawo. Bola akanandikalipira.

Mundikhululukire, achimwene. Ngati njere za chimangacho zija munatenga popita zilipobe, chonde musakazinge. Mulungu akusungeni.

Ine mlongo wanu,
Esinati