Nsawa yachitatu ya Tamara

Amayi, kodi kumeneko mukudzuka bwanji? Kuno ku Nabvutika tilipo, kungoti mphepo ya Juni yayamba, ndipo juzi yanu yofiira ija ndikuvala ndine.

Ku Madzimoyo achimwene a Yohane akolola chimanga chokwanira, ndipo nsawa zachita bwino kuposa chaka chomwe munatisiya. Anditumizirako thumba. Alamu, akazi awo, ali ndi mwana wamkazi, mphuno yanu yeniyeni. Chiliza chanu tagwirizana kuti tidzavundukula mu Ogasiti.

Nkhawa yanga ndi mdzukulu wanu Tamara. Munati mudzamuphunzitsa kuwerenga nokha, monga munkachitira ndi ana a eni zaka zonse zija mu Giredi 1, koma matenda sanakupatseni mpata. Tsopano ali mu Giredi 2, ndipo aphunzitsi ake anandiitana. Akuti akapanda kuyamba kuwerenga temu ino, abwereza. Mdzukulu wa aphunzitsi kubwereza! Ndinachoka kusukuluko nditazyolika.

Ine mukundidziwa, kuphunzitsa sinditha, ndimapsa mtima msanga. Chomwe ndimatha ndi kompyuta ija munkati idzandithera maso. Ndiye ndinalemba pulogalamu yoyankha mameseji pafoni. Ukaitumizira mawu, imayang'ana chilembo chimodzichimodzi, nkupeza a, e, i, o, u, nkudula mawuwo m'maphatikizo. Ukalemba "sukulu" imayankha "su-ku-lu". Kenaka imatumiza mawu ake kuti mwana adule. Mawuwo ndinatenga m'kope lanu lachikuto chabuluu. Pokopera ndinkaimaima, chifukwa masamba ake akumvekabe fungo la choko.

Koma ndinalakwitsa. Ndinaipanga kuti izichonga ngati mayeso, mwana akaphonya iziti "Walakwa." Tamara atauzidwa katatu anaika foni pansi nkukakhala kuseri kwa nyumba. Masiku anayi osaikhudza. Mpamene ndinakumbukira kuti mawu amenewa inu simunkawatchula. Munkati, "Mwana salakwa, amangotsala pang'ono," ndipo akakhoza munkati, "Eya, mutu ulipo!" Ndinakumbukiranso nsawa. Munkayala patebulo nsawa imodzi pa phatikizo lililonse, mwana aziloza ndi chala, akafika kumapeto adye. Ife tinkapempha dala mawu ataliatali.

Ndinafufuta "Walakwa" uja nkuikamo mawu anu. Komabe foni ilibe nsawa, ilibenso dzanja. Choncho ndikaweruka kuntchito timakhala pakhonde, foni pakati, mbale ya nsawa zokazinga pambali, ine ndikuyala monga munkachitira. Ndinkaganiza kuti makina andipeputsira ntchito, koma andikhazika pampando wanu. Mukanandiona mukanaseka.

Lamlungu titachokera kutchalitchi Tamara anandilanda foni nkulemba yekha, popanda womuuza. Nditasuzumira ndinaona kuti walemba "agogo". Yankho linabwera, "a-go-go", ndipo atalemba maphatikizowo bwino foni inati, "Eya, mutu ulipo!" Pa nsawa zitatu zomwe ndinayala anadya ziwiri, yachitatu nkuisiya. Anayang'anitsitsa foni nthawi yaitali, kenaka anandifunsa kuti, "Amama, agogo alembanso?"

Zonse zomwe foniyo imanena ndinaikamo ndine, ndipo ndi zochepa chabe zomwe ndakumbukira. Ndikanadziwa, ndikanalemba mawu anu onse mukadalipo. Tsiku limenelo ndinakusowani kuposa tsiku la maliro. Ndinamuuza zoona, kuti simulembanso. Sanalire. Nsawa ija anaiika m'kabokosi ka machesi, akuti ndi yanu.

Kaya abwereza kaya ayi, tidzamva temu ikatha. Koma dzulo anawerenga yekha chikwangwani cha pachigayo, mpaka agogo ena odutsa anaombera m'manja.

Ndimakukondani, Amayi. Ndikulonjeza kuti tsiku lovundukula chiliza, abusa akamaliza pemphero, Tamara adzaloza ndi chala nkuwerenga yekha maphatikizo atatu a dzina lanu pamwalapo. Nsawa ziwiri ndidzabweretsa ine. Yachitatu ali nayo kale.

Ndine mwana wanu,
Lidiya