Khadi la Dzanja Langa Lomwe

Lolemba, 3 Malichi

Masabata asanu chiwaikireni amuna anga m'manda. Lero ndiye gulu lathu loyendera ofedwa lakumbukira kuti nanenso ndine wofedwa. Abwera atatu, amayi apampando patsogolo, envulopu ili m'manja. Kutsegula, khadi lolembedwa ndi dzanja langa lomwe! "Dikirani pa Ambuye, chitonthozo chawo sichichedwa."

Makhadiwa ndimalemba ndine, ati ndili ndi dzanja labwino. Mu Januwale ndinalemberatu makumi awiri, n'kusiya mpata wa dzina. Iwo angotola limodzi m'bokosi, dzinalo osalembapo n'komwe.

Ndathokoza. Ndawapatsa tiyi. Mtima ukuwira.

Lachiwiri, 4 Malichi

Ndiye kuti ndadzipepesa ndekha. Zikomo kwambiri, ine.

Lachitatu, 5 Malichi

Ambuye, tilankhulane. Zaka khumi ndi ziwiri ndakhala ndikulonjeza anthu m'dzina lanu kuti simuchedwa. Ndinkachita kuika rula kuti mizere iwongoke. Munthu wanga anagwa m'bafa sopo ali kumaso, osadwala, osatsanzika. Chichokereni tsikulo ndagwada m'mawa uliwonse mpaka maondo kuda, koma chimene ndimamva ndi kulira kwa firiji basi.

Chaona mnzako chapita, mawa chiona iwe. Chabwino, chandiona. Nanga Inu muli kuti?

Ndakupatsani mpaka Lamulungu. Mukapanda kubwera, phazi langa silidzapondanso m'tchalitchi. Sindikuseka.

Lachisanu, 7 Malichi

Ku ofesi ya sukulu, ndikutaipa makalata a makolo, ahedi akuti: "Mwayamba kuwala, mayi, Mulungu wakukhudzani." Kuwala kwanji? Ndi mafuta odzola.

Masana mlamu pafoni: "Alamu, musamalire ngati anthu osapemphera." Iyeyo, munthu woti tchalitchi amaliona pa maliro pokha! Ndadula.

Kenako uthenga wa amayi apampando. Ati makhadi atsala awiri, kodi ndingalembeko ena ndikapeza mpata? Ati zingandithandize kuiwala. Foni ndaiponya m'dirowa, apo ayi ndikanayankha mawu oti akulu a mpingo andikhalire pansi.

Loweruka, 8 Malichi

Ndagwadabe. Zii. Latsala tsiku limodzi.

Lamulungu, 9 Malichi

Ndinapita, kuti Ambuye asadzanamizire kuti sanandipeze. Benchi lathu lakutsogolo linandikanika, ndiye ndinakakhala kumapeto, pafupi ndi amayi aja timawatcha aKumbuyo. Mwana wawo wamkazi anamwalira zaka zinayi zapitazo. Chiyambire pamenepo sayimba, salowa gulu lililonse, amangobwera n'kukhala. Ife kugulu tinkati anazilala mu uzimu, ndipo woyambitsa mawuwo ndinali ine. Khadi lawo ndinalembanso ndine.

Ulaliki unali wa kukoma kwa banja. Taonani nthabwala za Mulungu! Ndinadikira pa nyimbo, ndinadikira pa pemphero lotsekera. Palibe chinachitika.

Anthu akutuluka, ndinalephera kudzigwira.

"Amayi, kwa inu chinafika liti?"

"Chiyani?"

"Chitonthozocho."

Anandiyang'ana. "Chonse sichinafike ayi. Chimangodontha, ngati mpopi wovuta."

"Zaka zinayi! Nanga kuno mumadzatani?"

"Ndikachoka Ambuye akandipeza kuti? Ndimabwera kuti andione kuti ndikadalipo, ndipo ndikadakwiya."

Ndinafuna kupepesa za khadi lija, koma ndinangodzuka n'kutuluka. Ndinabwerera kunyumba ndili ndi manyazi pamwamba pa mkwiyo.

Lolemba, 10 Malichi

Tsiku limene ndinawapatsa Ambuye ladutsa. Sanabwere. M'mawa sindinagwade, dala.

Nditangoweruka, odi pakhomo. AKumbuyo, chimanjamanja, opanda vesi, opanda nyimbo. Anangokhala pampando n'kuvula nsapato.

"Kodi abambowa anali munthu wotani? Ine ndinkangowaonera patali."

Masabata onsewa palibe anandifunsapo zimenezo. Aliyense amangondiuza kumene ali, osati mmene analili. Ndinayamba ndi zoipa zawo. Masokosi pansi pa tebulo. Kukonza wailesi yabwinobwino mpaka kuipha. Kukana kukayezetsa magazi ine ndikuchita kuwakalipira chaka chathunthu, ati madokotala amapezera munthu matenda. Apa ndiye ndinakuwa, ndinawakalipira iwo, ndinakalipira Mulungu, misozi ndi mamina zonse pamodzi. AKumbuyo sanati pepani, sanati limbani mtima. Anangondipatsa mpango wawo, n'kunena kuti, "Kenako?"

Tiyi anazizira kawiri.

Akuvala nsapato anafunsa: "Lamulungu ndikusungireni malo?"

Mkwiyo ulipobe, sindinama.

"Sungani. Koma sindiyimba."

"Ndani wakuuzani kuti muyimbe?"