Dzina lanu sindilichotsa pa mwana

Amayi, mwadzuka bwanji kumene muliko?

Ine kuno ku Dubai ndilipo, kungoti dzuwa la miyezi ino likuwotcha ngati munthu walowetsa mutu mu uvuni wa njerwa. Kalembedwe kanga ndi komwe kaja mukukadziwa, ka Sitandade sikisi, ndiye mukapeza mawu opindika muwongole nokha. Nkhani zabwino zilipo, ilipo ina yoipa, ndipo pa yoipayo dzina lanu latchulidwa. Ndiyamba ndi zabwino. Paja munkati mlendo umayamba wamupatsa madzi akumwa, zodandaula pambuyo.

Chimanga chija munabzala musanagone pansi chinacha bwino. Anakolola ndi achemwali a Agnesi ndi amuna awo. Cha kumunsi kudambo chinamira, monga munkanenera chaka ndi chaka kuti kumeneko n'kwa mpunga, ife osamva. Soya yekha ndiye anatuluka wosaoneka bwino. Mbuzi yanu yamawanga ija inaswa ana awiri, mmodzi anagwidwa ndi galu wa kwa a Nkhoma, ndipo a Nkhomawo akukana kuti galu wawo sadya nyama. Denga la khitchini likudontha pomwe paja. Ndawauza a Agnesi kuti asavutike n'kufolera udzu wina, ndikabwera tidzaikapo malata.

Koma nkhani yaikulu ndi ya mdzukulu wanu. Mpongozi wanu Joyisi, amene munamulandira ali ndi pakati mabwana ake a ku Marina kuno ku Dubai atathedwa ntchito n'kubwerera kwawo, anachira bwinobwino nthawi yokolola. Mwana ndi wamkazi. Ine sindinamugwirepo, ndimangomuona pafoni, koma chipumi ndi chanu, ngakhale katsinya kaja munkachita wina akathira mchere wambiri m'ndiwo. Ndinamutcha Enelesi, dzina lanu. Sindinafunse munthu. Joyisi akamuyandikizitsa pafoni ndimati, “Amayi, mwayamwa?” Kuchokera pamene munatisiya, pakamwa panga panali patauma mawu amenewo. Mwanayu ndi amene anandibwezera.

Za maliro anu mukuzidziwa kuposa ine. Munatsirizika m'mawa, madzulo anthu a zovala zoyera aja anali atakuikani kale. Ngakhale ndikanakhala ndi mapiko sindikanakupezani. Ndinaonera pafoni ya a Agnesi nditabisala m'kachipinda kosungiramo zokolopera, netiweki ikudukaduka, mpaka supavaiza anagogoda kuti yalla, fulumira, malifiti akudikira. Kumeta ndinameta, Amayi, wina asakunamizeni. Tsiku limene kumudzi ankameta, a Tembo, bambo wa ku Katete ku Zambia amene timagona chipinda chimodzi, anandimeta ndi lezala kubafa, mpala weniweni.

Tsono yoipa ija nayi. Kuzizira kwa ku Dedza kutangolimba, mwana anayamba kutsokomola, thupi kutentha, kulira kosatonthola. Bere akaligwira pang'ono, walilavula. Joyisi ananditumizira kavidiyo, ndinaona tinthiti take tikulowa m'kati akamapuma. Ndinakaonera kambirimbiri mpaka foni inatentha m'manja.

Alongo anu, a malume a Filipo, anandiimbira. Moni sanapereke. Akuti, “Yakobe, mwanayu sakudwala matenda a kuchipatala. Mayi ako anapita okwiya. Mwana wawo wamwamuna ndiwe wekha, dothi sunawaponyere, lero watenga dzina lawo n'kusenzetsa khanda. Akubwera kudzatenga dzina lawolo, ndipo atengera kumodzi ndi mwana.” Anali atapita kale kwa munthu wina woombeza wa kumalire uko. Akuti Loweruka mbandakucha akamusambitse mwana mankhwala pamphambano, amuvule dzina lanu, amutche Msiyeni. Ndipo asanasambe asabayidwe jakisoni, mungakwiye koposa.

Msiyeni, Amayi. Ndiye kuti aliyense woitana mwana wanga, kusukulu, kutchalitchi, pachitsime, azikhala akukupirikitsani inu ngati nkhuku yolowa m'khitchini. Moyo wake wonse. Komanso khanda lopuma movutikira, alivule zovala pamphambano m'mphepo ya Juni.

Sindikubisirani, ndinachita mantha. Ine ndine munthu wa zooneka ndi maso, koma mwana wako akamapuma chonchija, mutu umavomera chilichonse. Ndinawayankha a malume kuti ndiganize kaye. Joyisi ndinamuuza kuti adikire.

Masiku omwewo tinali otsekeredwa. Ku International City timagona amuna okhaokha pa mabedi osanjikiza, ndiye mnyamata wina wa ku Nepal atamupeza ndi kolona, kampani inati khalas, basi, wina asatuluke. Ntchito yanga ndi yopopera mankhwala m'malifiti ndi pa zogwirira zitseko m'nyumba zazitali za ku Marina, ndipo manja akatangwanika mutu umapumako. Apa panalibe chogwira. Ndinkangoyenda kuchoka pabedi kufika pachitseko, pachitseko kubwerera pabedi.

Lachinayi masana, Mfilipino wina amene timangomutchula Kuya anatsamiritsa foni yake pa poto wa mpunga n'kuika filimu ya ku Japan. A Tembo anandikoka malaya. “Iwe boyi, nkala pansi. Uzatiboolera simenti na kuyendayenda kwako.” Ine mafilimu achikondi sindiwakonda, anthu amangoyang'anana nthawi yaitali ntchito itaima. Komanso Chingerezi cholembedwa m'munsi chimathamanga, ndikamafika pakati chasintha kale. A Tembo anati azindimasulira. Ndinakhala.

Inali nkhani ya mnyamata wogulitsa nsomba m'katauni ka m'mbali mwa nyanja. Mkazi wake anamwalira ukwati ukadali wauwisi. Kwawoko amaika chithunzi cha womwalira pakashelefu n'kumamuikira timpunga m'kambale m'mawa uliwonse. Koma iyeyu ankaika mbale yonse, yekha osadya. Akadzuka ankapeza mapazi onyowa pansi, ochokera pakhomo kufika pamene wagona. Anayamba kuwonda, masaya kulowa, kugwa pamsika. Anansi anati mkazi uja akumukoka. Mkulu wa kukachisi kwawo anamuuza kuti achotse chithunzi, dzina la mkaziyo asadzalitchulenso, kuti womwalira aiwale njira ya kunyumba.

A Tembo anandigunda ndi chigongono. “Wamvera? Na ku Japan amalume aliko.”

Mnyamatayo anakana. Anati za m'maluwa sakufuna, akamufunsa yekha mwini wake. Kuseri kwa tauniyo kunali phiri la masitepe amiyala, olowa m'nkhungu, kumene amati akufa amakhala. Anakwera, akugwa, akudzuka. Atafika pamwamba anapeza mudzi wamba, utsi ukufuka, ndipo mkazi wake ali panja akuyanika zovala. Nyimbo inayamba kulira, Kuya misozi ili chuchuchu mpaka kunyowetsa masiki. Ine ndinkadikira kuti tsopano akumbatirana, mwamunayo atsalira komweko.

Ayi ndithu. Mkazi uja anamumenya ndi chovala chonyowa paphewa. A Tembo akumasulira, naonso mawu atakwera: “Ati, ‘Wabwera kucita cani kuno? Nindani anakuuza kuti nikuitana? Ine nimabwera kuona ngati wadya, nipeza mpunga wonse wapatsa cithunzi. Cithunzi cili na mimba?’” Kenako anamugwira nkhope ndi manja onse, kanthawi ndithu, akulira naye. Atatero anamutembenuza, n'kumukankhira kumasitepe kuti azitsika, akadye.

Ndinaseka, Amayi. Ndinaseka mokweza anzanga onse akulira, mpaka Kuya anandiponyera pilo. Anaganiza kuti ndikunyoza filimu yake. Koma ine ndinamva mawu anu. Japan ndi Dedza kutalikirana kwake, koma mkazi uja anakalipa ndendende ngati inu. Anzanga anaona chikondi, ine ndinaona kuti munthuyo ankafa ndi njala, anthu n'kumanamizira maliro.

Filimu isanathe ndinakwera pabedi langa n'kuyamba kuganiza. Munthu akafa amasiya thupi, koma khalidwe amapita nalo. Mkazi uja anali wosamala mwamuna wake ali moyo, atafa anakhalabe wotero. Nanga inu? Ndinakumbukira chaka chija munali osayankhulana ndi akazi a Nkhoma chifukwa cha malire a munda. Mwana wawo atakomoka ndi malungo, amuna awo ali kumowa, ndinu munamubereka kumsana mvula ikugwa, kuwoloka mtsinje madzi ali m'chiuno, mpaka kuchipatala cha mishoni. Pobwerera munapitiriza kusayankhulana nawo. Nditakufunsani munati, “Mkangano ndi wa akulu. Mwana akatentha thupi, mankhwala oyamba ndi miyendo.”

Ndiye munthu ameneyo lero asanduke wopha mdzukulu wake chifukwa cha dothi lodzaza dzanja limodzi? Inu amene munasoka matewera a mwanayu asanabadwe, chifuwa chikukuvutani kale? Ndani wakusinthani kumeneko?

Ndinamuimbira Joyisi nthawi yomweyo. Ndisanamalize kulankhula anandidula. “Bambo a Enelesi, chikwama ndinamanga dzulo. Ndimangodikira kuti mutsegule pakamwa. Mukanafika mawa muli duu, ndikanapita ndekha, za ukwati tikanakamba pambuyo.” Mpongozi wanuyu simunalakwitse pomukonda muja. A Agnesi anaitana wanjinga yamoto kuti akaime kuseri kwa dimba, osati pabwalo, ndipo anatuluka ngati akukathyola ndiwo, mwana atamufunditsa bulangete lanu lofiira.

A malume atamva anandiimbira. “Wandichititsa manyazi pamudzi, mphwanga. Wakhala kwa Aluya masiku angati kuti uzitiona ife ngati zitsiru? Mutu umodzi susenza denga.”

Ndinati, “Malume, ulemu wanu ndikuudziwa. Koma inu munakula ndi amayi nyumba imodzi, munayamwa bere limodzi. Tandiuzani tsiku limodzi lokha limene anapwetekapo mwana wa munthu. Limodzi basi. Mukalitchula, dzina ndichotsa lero lomwe.”

Iwo anangoti, “Mwanayo zikavuta usadzandiimbire. Khasu langa silidzakumba, ndipo kumanda kwathu sadzagonako.”

Ndinati, “Ndamva, malume.” Foni itaduka, a Tembo anandikhazika pansi n'kundipatsa tiyi. Musawade alongo anu. Ndikudziwa kuti nawonso ndi mantha, ndipo imfa yanu inawasiya okha. Koma mantha awo asavule mwana wanga pamphambano.

Kuchipatala anapeza chibayo. Anamuika timachubu ta mpweya m'mphuno, mankhwala akulowera pakadzanja. Anamwino anamukalipira Joyisi kuti anachedwa, ndipo sanalonjeze kanthu, angoti tidikire. Kuchedwako n'kumene kukundidya. Dzulo thupi linazizirako, anayamwa pang'ono osalavula, koma madzulo linatenthanso. Lero ndi Loweruka lija. Pamphambano sipanapite munthu. Mwana ali pabedi la kuchipatala, ndipo akamabwera kudzamubaya amaitana kuti Enelesi.

Sindikudziwa kuti zitha bwanji, Amayi. Zikavuta, mudzi wonse udzaloza ine chala, ndipo ndidzasowa pomuika mwana wanga. Ndaziganizira zonsezo, ndipo sindikubwerera m'mbuyo.

Mnyamata wa m'filimu uja anali ndi phiri lokwera kuti akafunse maso ndi maso. Kuno kuli mchenga ndi malifiti. Lifiti ndakwerapo mpaka pamwamba penipeni, kulibe akufa, kuli mabwana. N'chifukwa chake ndalemba kalata, ndipo ndilankhula mosapsatira monga munandiphunzitsira.

Ngati ndalakwitsa, ngati ndinudi okwiya, mlandu ndi wanga. Amene sanaponye dothi ndine, amene anapereka dzina ndine. Bwerani kuno. Inu simufunika viza kapena kuyezetsa kolona pabwalo la ndege. Bedi langa ndi lapamwamba, loyandikira zenera. Mudzandikalipire, mudzandikoke khutu, ndidzakhala chete ngati kale. Koma mwana sindikupatsani, ndipo dzina sindibweza. Munalisenza zaka zanu zonse osalidetsa, iyenso alisenza.

Koma ngati si inu, monga mtima wanga ukudziwira, ndiye kuno musavutike n'kubwera. Pitani kuwodi ya ana ija. Joyisi sanagone kuchokera Lachinayi, akungosinza pampando, ndipo safuna kuuza munthu kuti watopa. Mukakhale pambali pake, muyang'anire mpweya wa mwanayo kuti mayi ake atsekeko maso.

Ndimakukondani, Amayi, ngakhale muli moyo ndinkachita manyazi kunena. Ndege zikadzalola ndipo mwana akadzalimba miyendo, ndidzabwera naye pamanda panu akuyenda yekha. Dothi lanu ndidzaponya, iyenso adzaponya lake. Ndipo pobwerera ndidzamuitana dzina lake mokweza, a malume adzamve ali pakhonde pawo.

Ndine mwana wanu,
Yakobe, bambo a Enelesi