Alongo Anga Akumva Bwinobwino

Okondedwa Azakhali,

Ndikhulupirira kuti inu ndi atate muli bwino kumeneko. Kuno ku Kabwata tili bwino, ngakhalenso alongo anga, ba Yohane.

Atawapeza ndi TB yosamva mankhwala, anakana kubwerera kuchipatala. Ankaopa jakisoni uja amene anagonthetsa atate makutu. Ndinalimba mtima, ndinapita ndekha kukafunsa anesi.

Anati, "Mwana wanga, jakisoni ameneyo tinasiya. Akatswiri anapanga mapiritsi atsopano. Kawauze abwere."

Ba Yohane anapita, tsopano amamwa mapiritsiwo tsiku lililonse ine ndikuyang'ana, ndipo chifuwa chachepa. Dzulo ndinanong'oneza alamu anga, akazi awo, kukhitchini kuti ndiwo zapserera. Ba Yohane ali pabalaza anayankha kuti, "Ndamva!"

Chonde muwauze atate zimenezi mokweza, pafupi ndi khutu. Mulungu akusungeni nonse.

Ine mwana wanu,
Tisa