Bambo Mzati ndi tsiku losudzula Ababa

Amayi, mwadzukako bwanji kumeneko? Ndine Yohane wanu, uja munkati pakamwa pake pakanakhala khasu bwenzi tikulima mpaka ku Zambia. Musadabwe kuti ndalemba kalata. Sitandade sikisi yanga ija sinapite pachabe, zilembo ndikuzikumbukabe, kungoti zina zikuyenda chopendekera ngati njinga ya amalume.

Ndiyambe ndi zabwino. Mlongo wanga Tiyamike anachira mu Juni, mwana wamkazi, ndipo tamutcha dzina lanu. Mawu ndi inu ndithu, akayamba kulira nkhuku zimachoka pabwalo. Chimanga chinachita bwino, nkhokwe yadzaza. Fodya tinasoka, tinasankha, tinadinda, anapita. Koma posankha tinakusowani. Ine ndinaphatikiza masamba apansi ndi apamwamba mumtolo umodzi, zija munkandimenyera chipande pamutu. Ababa anangoumasula mtolowo n'kuyambiranso okha, osanena kanthu. Chichokereni inu ndi mmene alili. Amadya, amalima, amapita kutchalitchi, koma mawu awo tsiku lonse sakwana dzanja limodzi.

Ndiye amalume anabwera kudzanena kuti chaka chakwana, Loweruka Ababa asudzulidwe. Mukudziwa inu tanthauzo lake. Mudzi uno ndi wanu, munda ndi wanu, Ababa anangobwera ndi khasu ndi chikondi kuchokera ku Wimbe. Akawamasula ndiye kuti njira yakwawo yatseguka. Tsiku lomwelo ndinaona atamanga kathumba kuseri kwa chitseko: majekete awiri, Baibulo, pampu ya njinga. Zaka zonse zija zakwana m'kathumba kamodzi. Ine ndinaseka n'kuti, "Ababa, mwaiwala mphasa."

Tsopano ndikuuzeni za filimu, musayambe kugwedeza mutu. Ndikudziwa munkati zimenezi ndi za anthu opanda mbuzi zodyetsa. Iyi ndi yatsopano, yobwera m'magawo, ndipo ku Santhe afika magawo atatu okha. Mkulu uja amatchaja mafoni pamsika anandiikira m'memole, yomasuliridwa kale m'Chichewa.

Amayi, munthu wake mukanamukonda. Si zimphona zija za minofu zovala kabudula pamwamba pa thalauzi. Ndi kamdala kafupi, kamimba kotere, kovala ovolosi ndi majombo, ntchito yake kuwotcherera zitsulo. Tsiku lina kanagwera m'dzenje la madzi owala, n'kutulukamo ndi mphamvu yogwira chilichonse chimene chikugwa. Mlatho ukuthyoka basi ili pamwamba, iko kamangolowa pansi n'kuusenza paphewa ngati mtanda wa chigafa. Womasulira anakatcha Bambo Mzati. Chimene chinandigwira mtima n'chakuti kakamaliza kusenza, msana umakapweteka, kamagona masiku awiri kakubuula, kakudzipaka mafuta kokha. Ndinati eya, uyu ndi wathu. Mlathowo anaupanga bwino, fumbi lake mpaka ndinaphethira. Pondinyansa ndi pamodzi: amayankhula kwambiri, nthawi zina gawo lonse ndewu imodzi yokha. Koma ndinaonera katatu.

Lachinayi masana ndinatsamiritsa foni pandowa pakhonde, ndikuonera gawo lachitatu. Ababa anali poteropo akusema mpini. M'gawo limeneli anthu a mumzinda akumana m'chinyumba chachikulu kukambirana za Mzati. Iye si wakumeneko, anatsata mkazi, mkaziyo anamwalira. Ena akuti atithandiza, ena akuti posenza mlatho anaphwanya magalimoto athu, abwerere kwawo. Mzati ali panja pa masitepe, chipewa m'manja. Ine ndinayamba kukalipira foni, "Lowa iwe, uwauze kuti ukufuna kukhala. Mphamvu zonsezo ukuopa chiyani?"

Ndinangomva kumbuyo kwanga, "Sangalowe."

Ndinatembenuka. Ababa mpini autula, aima, maso pafoni.

"Ameneyo ndi mkamwini," anatero. "Mkamwini sapempha malo. Amadikira mwini mudzi anene kuti khalani. Akapanda kunena, umatenga chipewa chako."

Ndinati, "Ababa, uyu ndi wa kunja, kwawo kulibe chikamwini."

Anati, "Waona mmene wagwirira chipewa? Bwezera pamene anasenza mlatho ndione."

Tinaonera magawo onse atatu mpaka batire inatha. Pamene Mzati ankadzipaka mafuta kumsana, Ababa anaseka, Amayi. Kaseko kakang'ono, kotulukira m'mphuno, koma ndinakamva. Gawo lachitatu limathera pomwepo pa masitepe, sitikudziwa ngati anamuthamangitsa. Koma ine ndinali nditamva kale zimene ndinafunika kumva.

Loweruka anthu anasonkhana pansi pa mango paja. A ku Wimbe anabwera atatu. Amalume anayankhula bwino, sindingawanamizire. Anati, "Alamu, mlongo wathu munamusunga, munamudwazika, munamuika ndi ulemu. Lero takumasulani. Mulibe mlandu pamudzi pano." Ababa anawomba m'manja, mutu uli pansi. Azimayi anayamba kusuntha kuti akaone za kukhitchini. Nkhani yatha basi.

Ine ndinaimirira. Mukudziwa pamalo ngati amenewa mwana ngati ine ntchito yake ndi kunyamula mipando. Koma pakamwa panayamba pokha. Ndinati, "Amalume, pepani. Kuli munthu wina dzina lake Mzati."

Amalume anati, "Mzati wa kwa yani?"

Ndinati, "Wa mufoni."

Anthu anaseka, wina anati khala pansi iwe, wamwa chiyani m'mawa uno. Tiyamike anabisa nkhope kumsana kwa mwana. Ndinaona kuti filimu sindingaimalize, ndiye ndinangonena mwachidule. Ndinati, "Kumasula mwawamasula. Koma palibe wanena kuti khalani. Iwo sangapemphe okha. Ine ndikupempha, monga mwana wa mlongo wanu."

Amalume anandiyang'ana nthawi yaitali, ndinati lero ndilandira khofi pagulu. Kenako anakanda ndevu n'kuti, "Ife timayesa alamu akufuna kwawo. Munthu wosayankhula, tingadziwe bwanji?" Anatembenukira kwa Ababa. "Alamu, nyumba munamanga ndi inu. Chigafa ndi inu. Mdzukulu uyu akamera mano aziluma ndani? Khalani. Mukafuna kupita, mupite mwa inu nokha, osati poti takuuzani."

Ababa anawombanso m'manja. Sananene kuti inde, sananene kuti ayi. A ku Wimbe ananyamuka madzulo, Ababa anawaperekeza mpaka pamsewu n'kubwerera. Lamulungu lonse kathumba kanali pomwe paja kuseri kwa chitseko. Ine ndinkangodutsa pafupi ngati ndikufuna tsache. Nthabwala zinandithera, Amayi, mungakhulupirire? Munkati mtima wa Ababa uli ngati mbatata, sudziwa kukula kwake mpaka utakumba. Ine sindinafune kukumba, ndinkaopa.

Dzulo Lolemba ndadzuka, Ababa palibe. Njinga palibe. Ndinathamanga mpaka kumsewu wopanda nsapato, ndikuyang'ana mapazi a matayala. Pobwerera ndinaona utsi kudambo. Ndinatsetsereka, n'kuwapeza atapanga kale mabedi awiri a nazale, akuwotcha mapesi pamwamba pake kuti afese fodya wa chaka chamawa. Njinga ili pachitsamba, makheni awiri othiririra atamangidwa pakaliyala. Chingwe anakoka chowongoka ngati kale, bedi lachitatu alilemba kale ndi chidendene.

Anandiyang'ana n'kuti, "Waima ngati mlendo bwanji? Tenga kheni. Ndipo ukapita ku Santhe ukafunse ngati mdala wa mufoni uja anamulola kukhala."

Ndiye nkhani ndi imeneyo, Amayi. Amuna anu tawasunga. Musade nkhawa kuti azivutika okha kudambo, ndikulonjeza kuti nazale imeneyi ndizithirira ine, m'mawa ndi madzulo, mpaka mbande zipite kumunda. Mwina ndizidandaula panjira, koma ndizipita.

Ndimakukondani kwambiri, ngakhale ndinkachita manyazi kunena muli pano.

Ndine mwana wanu wovuta uja,
Yohane