Mabatire a amuna anga amafundira pachifuwa pa mkazi wina

Aphungu,

Ndine mayi wa mwana mmodzi, Tiya, ndipo ndimagwira ntchito yosamalira okalamba kuno ku Rotherham, ku England. Amuna anga, a Terence, amajambula zithunzi pa maukwati a Amalawi. Loweruka nthawi zambiri ndimakhala ku shifiti, ndiye amapita ndi Daphne, mtsikana wakutchalitchi kwathu, wowagwirira magetsi ojambulira.

Mu Disembala ndinapeza mpata n'kuwaperekeza ku ukwati ku Manchester. Akwati anafuna zithunzi zapanja, ku paki, kukuzizira koopsa. Kamera itazima, a Terence anangotambasula dzanja osacheuka n'komwe. Daphne anapisa m'bulauzi mwake n'kutulutsa batire. Iwo polandira anati, "Lafunda bwino ili," onse n'kuseka. Ine ndili chiimire pomwepo, nditawanyamulira chikwama.

M'sitima pobwerera ndinawafunsa. Anati, "Batire likazizidwa limatha msanga, limafunika kukhala pafupi ndi thupi. Ndi ntchito chabe, amake Tiya." Ndinati, "Nanga inuyo thupi mulibe?" Iwo anangoyatsa kamera n'kuyamba kuona zithunzi za ukwatiwo.

Chikundiwawa n'chakuti dzanja lija linaoneka lozolowera. Daphne akandipatsa moni kutchalitchi, pamtima pamanditentha. Kodi za batirezi n'zoona, kapena akundipusitsa?

A.M., Rotherham

Mayi A.M.,

Za batire sanakunamizeni. Kukazizira kwambiri, batire la kamera kapena la foni limafooka ngakhale lili lodzaza, ndipo likafunda mphamvu imabwerera. N'chifukwa chake ojambula amasunga lapadera m'thumba lamkati.

Koma thumbalo likhale la jekete lawo, osati bulauzi ya mwana wa eni. Funso lanu la m'sitima linali loyenera. Zimene munaonazo si umboni woti pali chibwenzi, komabe bambo wapabanja sayenera kuzolowera zotero.

Apezereni jekete la matumba amkati, kapena kachikwama kokoleka m'khosi kobisika m'juzi. Batire lililonse alikulunge m'sokosi palokha, kutali ndi makiyi. Timapaketi totenthetsera m'manja tija timathandizanso, bola pakati pakhale nsalu. Batirelo asaliike pa hita yotenthetsera m'nyumba, lingawonongeke kapena kuyaka.

Kenako khalani nawo pansi mwana kulibe. Musayambe ndi kuwazenga mlandu. Auzeni zomwe munaona ndi mmene zinakupwetekerani, makamaka kusayankha kwawo kuja. Munthu wopanda chobisa avala jeketelo mosanyinyirika. Akaumirira kuti wodziwa kufunditsa ndi Daphne yekha, aimbireni ankhoswe. Pemphaninso kusinthana shifiti ndi anzanu kuti Loweruka lina muzipita nawo.

Chimodzi chokha ndikukuletsani: musamuyalutse Daphne pa gulu la amayi la pafoni. Amalawi kumpoto kwa England kuno ndi ochepa, nkhani ya ku Rotherham imafika ku Middlesbrough tiyi asanazizire, ndipo mwina mtsikanayo anangochita zomwe anauzidwa. Amene analumbira pamaso pa abusa ndi a Terence. Ayankhe ndi iwowo.

Aphungu